Chaka cha ku Nsaru chimayendera nkhokwe

Munthu amene wafika pa Nsaru mu Febuluwale ndi mnzake amene wafikapo mu Ogasiti sangagwirizane pofotokoza zomwe aona. Woyambayo adzanena za misewu yoterera ya dothi lakatondo, chimanga chomwe chabisa midzi, magolosale opanda ogula, ndi anthu oyenda khasu lili paphewa kufunafuna ganyu. Wachiwiriyo adzanena za fumbi, ngolo zolemedwa ndi matumba, maukwati Loweruka lililonse, ndi ng'oma zolira usiku wonse kutsidya kwa dambo. Onse awiri akunena zoona. Nsaru, malo ochitira malonda a m'dera la Mfumu Yaikulu Kabudula kumpoto chakumadzulo kwa mzinda wa Lilongwe, amasintha nkhope kawiri pachaka, ndipo ndi momwenso zilili ku Namitete, ku Mpingu, ku Kasiya ndi ku Nambuma.

Chomwe chimasintha nkhopeyo si kalendala yopachika pakhoma. Ndi nkhokwe. Mbiri ya zikondwerero za dera lino ndi mbiri ya chimanga chotsala banja litapatula chakudya cha chaka. Angoni, atsamunda, amishoni, ogula fodya ndi andale, aliyense pa nthawi yake adafika ndi masiku ake ofuna kuti anthu aziwasunga, koma onse adapeza kuti anthu a kuno amasonkhana pamene m'nkhokwe muli kanthu.

Achewa akale a m'chigwa chino, chomwe madzi ake ambiri amatsikira mu Bua, sankawerenga chaka kuyambira Januwale. Chaka chinkayamba ndi mvula. Kutentha kukafika pachimake, tchire litapsa, kunkagwa kamvula koyamba kotchedwa chizimalupsa, ndipo aliyense ankadziwa kuti nthawi yocheza yatha. Mvula yeniyeni ikachedwa, nkhani inkachoka m'manja mwa banja n'kupita kwa mfumu ndi akuluakulu. Ankapereka nsembe pa kachisi wa mudzi, ndipo chilala chikakula ankatumiza anthu ndi mphatso ku Msinja, cha kuphiri la Dzalanyama, kumene kunkakhala Makewana, mayi wopempherera mvula Achewa a madera ambiri. Kachisi wa ku Msinja adapasulidwa pa nkhondo za Angoni m'zaka za m'ma 1800, nthawi yomwe midzi yambiri ya m'chigwa idathawira m'malinga ndi m'mapiri. Komabe maganizo omwe adamanga kachisiyo sadapasuke nawo: mvula ndi ya onse, ndipo mudzi wokangana, wosasunga miyambo, umadzitsekera wokha mitambo. Mpaka lero mvula ikadula mu Januwale mudzamva kuti mipingo yakumana pabwalo la sukulu kupempherera mvula, mafumu atakhala kutsogolo. Mapemphero ndi ena, koma msonkhanowo ndi womwe uja.

Dzinja silinali nyengo ya magule, koma linali ndi kusonkhana kwake. Munthu udzu ukamupitirira m'munda ankafulula mowa kapena thobwa n'kuitana dima. Anansi ankabwera ndi makasu awo, kupalira mogundizana mapewa akuimba, n'kumaliza tsiku limodzi ntchito yomwe mwini munda akadalimbana nayo sabata ziwiri. Malipiro ake anali chipanda cha mowa ndi lonjezo losanena pakamwa lakuti mawa iwenso udzapita kumunda kwa mnzako. Ndimaona kuti apa ndi pomwe pagona nzeru yonse ya moyo wa m'midzi ino. Chimanga chosandutsidwa mowa sichinkatayika. Chinkasungidwa mwa anthu, ndipo chinkabwerera ngati manja pa tsiku lomwe manja awiri sakukwanira.

Kenaka kunkabwera miyezi yowawa, Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zitayamba kuonetsa pansi. Anthu ankadalira bowa, nkhwani, therere ndi ngumbi, kudikira dowe ndi maungu. Chimanga chikakhwima, nkhope zinkasintha. Masika ankafika ndi mikukwe m'minda, amayi akufutsa ndiwo za mfutso, abambo akuluka nkhokwe zatsopano ndi kumata zakale, anyamata akukumba mbewa. Ndipo mphepo yachisanu ya mu Juni ikayamba kuomba, ntchito yakumunda itatha, mudzi unkatembenukira ku ngongole zake zina: ngongole kwa akufa, ndi ngongole kwa ana omwe akula.

Maliro sasankha mwezi. Munthu akamwalira m'dzinja ankaikidwa m'dzinja momwemo, adzukulu akukumba manda mvula ili pamsana, ndipo patapita masiku ochepa abale ankameta. Koma mwambo sunkathera pomwepo. Mzimu wa malemu unkayenera kuperekezedwa bwino kuti ukakhazikike pakati pa makolo, ndipo izi zinkachitika pa kumeta kwachiwiri, pa mwambo wa bona womwe ena amautcha mpalo. Bona amafuna mowa wambiri, mowa umafuna chimera, chimera chimafuna chimanga, ndipo kuviika chimangacho, kuchimeretsa, kuchiyanika, kusinja ndi kuphika zimafuna masiku ndi manja a amayi omwe sali kumunda. N'chifukwa chake bona wa maliro onse a chaka ankadikira chilimwe. Pa masiku ofulula mowa wotere, eni mwambo ankadika, mwamuna ndi mkazi osakhalira pamodzi, kuopa mdulo ndi kuopa kuti mowa ungasase. Mudzi wonse unkasunga lamulo limodzi pa nthawi imodzi chifukwa cha munthu mmodzi yemwe adapita miyezi yambiri m'mbuyomo. Sindidziwa njira ina yoposa iyi youzira wamasiye kuti sali yekha.

Chinamwali nachonso chinkadikira nyengo yomweyi. Atsikana omwe adakula m'kati mwa chaka ankalangizidwa pang'ono pa nthawi yomwe adakulayo, koma mwambo waukulu unkachitika akasonkhanitsidwa pamodzi zokolola zili m'nkhokwe. Anamkungwi ndiwo ankatsogolera, namwali aliyense ali ndi phungu wake, ndipo tsiku lotuluka anamwali ankaonekera pabwalo atavala zingondo kumutu, amayi akuvina chisamba, abale akufupa. Anyamata nawo ankapita kudambwe kukagula njira. Za kumeneko sizilembedwa m'magazini, ndipo ine sindizilemba. Chomwe aliyense amaona ndi chakuti mnyamata ankabwerako akudziwa kuvula chipewa pamaso pa akulu, kupatuka panjira pokumana ndi apongozi, ndi kugwira khasu kumanda.

Si mudzi uliwonse womwe unkaloledwa kuchititsa miyambo imeneyi. Mfumu inkayenera kukhala ndi mzinda, ufulu wokhala ndi bwalo ndi dambwe, womwe unkaperekedwa ndi mfumu yaikulu pamwambo wake. Mfumu yamzinda inali ndi ulemu woposa inzake chifukwa midzi yozungulira inkabwera kwa iyo ndi anamwali awo ndi maliro awo. Motero gule wamkulu sadali msangulutso chabe ayi. Anali chizindikiro cha ulamuliro. Kasiyamaliro akatulukira m'bandakucha, kapena Njovu ikafika pamaliro a mfumu, anthu ankadziwa kukula kwa mwambo ndi kukula kwa mwini bwalo. Mbalule ikalira, Chadzunda akalowa m'bwalo mokoka mwendo ngati nkhalamba, Kapoli akaimba ndi mawu ake oonda amayi n'kumapolokezera, anthu ankaseka, ankaopa, ndiponso ankamva chidzudzulo chomwe munthu wamba sakadayerekeza kunena masana: za ulesi, chigololo, umbombo, ngakhale za mfumu yosaweruza bwino.

Palinso china chomwe akatswiri a mbiri monga Matthew Schoffeleers adachiona, ndipo mkamwini aliyense wa ku Kabudula akhoza kuchivomereza. Mudzi wa Chichewa ndi wa mbumba. Mwamuna ankakwatira n'kukakhala kwawo kwa mkazi, kumene munda ndi wa akuchikazi ndipo ana amamvera atsibweni awo. Mkamwini anali mlendo wolima. Kudambwe ndi kumene alendo otere, ochokera m'midzi yosiyanasiyana, ankakhala gulu limodzi lokhala ndi mawu. Chilimwe chinali nyengo yomwe mwamuna wachikamwini ankapeza malo ake m'mudzi wa eni.

Kusintha kwakukulu koyamba kudadza ndi msonkho. Boma la atsamunda litakhazikika ku Lilongwe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, nyumba iliyonse idayenera kupeza ndalama, chinthu chomwe nkhokwe sibala. Amuna adayamba ulendo wa ku Halale ndi ku Joni, ena kudzera ku Mthandizi ndi ku Wenela, ena wapansi. Ambiri ankanyamuka atakolola, nyengo yomwe mudzi unkawafuna pabwalo. Ena adabwerako ndi njinga, majekete ndi magalamafoni, ena adasanduka matchona. Njira ya Wenela idaimitsidwa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70 omwe ankachokera kumigodi, koma chizolowezi chochoka pamudzi m'chilimwe chidatsala.

Chomwe chidasinthiratu dera lino ndi fodya. Mu 1920 mzungu wina, A. F. Barron, adatsegula esiteti ku Mbabzi, kumadzulo kwa Lilongwe, ndipo iye ndi mnzake R. W. Wallace adayamba kugawa mbewu kwa alimi a m'midzi, kuwaphunzitsa kulima fodya wochiza ndi utsi, uja timati chikopa, n'kumawagula masamba. M'zaka zochepa alimi a fodya m'maboma a Lilongwe ndi Dowa adachuluka kuchoka pa mazana kufika pa zikwi zambiri, kotero kuti mu 1926 boma lidakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board loti lizilemba alimi ndi kuyang'anira misika. Amwenye adatsegula masitolo pafupi ndi misika ya fodya, atelala adaika makina awo pakhonde, ndipo malo ambiri ochitira malonda omwe tikuwadziwa m'chigwa chino adakula motero: sikelo poyamba, sitolo pambuyo.

Fodya adabweretsa ndalama pa nyengo yomwe kale inali ya zikondwerero, choncho adazikometsa. Nsalu zatsopano za chimtali, mayunifolomu a mganda, gule uja wa amuna wotengera perete wa asilikali ndi malipenga ake a zikho, mphatso za paukwati, zonsezi zidayenda ndi ndalama za fodya. Magulu a mganda ndi chimtali ankayenderana mudzi ndi mudzi, olandira alendo akuphika nsima ya anthu ochuluka, podziwa kuti chaka chamawa iwonso adzalandiridwa. Koma fodya yemweyo adadya nthawi yopuma. Chimanga chimamasula mlimi akakolola. Fodya samasula munthu. Pofika Seputembala nazale yafesedwa kudambo ndipo ikufuna madzi m'mawa ndi madzulo. Mu Disembala n'kuwokera, kenaka kuthyola, kusoka, kupachika m'chigafa, kusankha, kudinda mabelo. Mlimi wa fodya amamaliza kugulitsa wa chaka chino akukonza kale mabedi a chaka chamawa. Mitengo nayo idapita, ina kuchizira fodya, ina kumangira zigafa, mpaka m'midzi yambiri nkhalango yokhayo yomwe yatsala ndi ya kumanda. Si mwangozi kuti yatsala ndi imeneyo. Ili ndi eni ake oiteteza, ndipo palibe amalowamo ndi nkhwangwa mwachisawawa.

Pamene fodya ankalowa m'minda, mitanda inkalowa m'midzi. Amishoni a Dutch Reformed adayambira ku Mvera mu 1889 n'kufika ku Nkhoma mu 1896, ndipo sukulu zawo zidafalikira m'chigwa chonse. Ansembe a Chikatolika a White Fathers adakhazikika ku Likuni, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 adatsegula mishoni ya Nambuma. Mbali zonse ziwiri zidaona gule wamkulu ngati mdani. Mkhristu wopezeka kubwalo ankadulidwa mumpingo, ndipo eni dambwe nawo ankaona sukulu ngati msampha wowalanda ana. M'zaka za m'ma 1920 mkangano udakula kwambiri. Amishoni adapempha boma kuti liletse gule, koma boma, poopa kuputa mafumu omwe linkawadalira pa msonkho, silidamuthetse. Gule adayankha m'njira yake. Pabwalo padatulukira Simoni wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, padatulukira Maliya, ndipo m'kupita kwa nthawi ngakhale Galimoto. Chilichonse chachilendo chomwe chidafika m'mudzi chidapatsidwa malo pabwalo kuti anthu achione bwino, achiseke, achizolowere.

Chomwe chimandichititsa chidwi n'chakuti mipingo, itakana bwalo, idatenga nyengo ya bwalo. Mishoni ya Nkhoma idaona kuti kuletsa chinamwali popanda choikapo n'kutaya ana, ndipo idakhazikitsa chilangizo, amayi a mumpingo n'kutenga ntchito ya anamkungwi. Misonkhano ya misasa, yomwe Akhristu amagona panja masiku angapo kumvera ulaliki, imachitika m'chilimwe, pamene kuli udzu womangira misasa, ufa wosonkha ndi mlengalenga mopanda mvula. Zopereka za masika zimafika kutchalitchi m'madengu ndi m'matumba. Maukwati oyera amadikira kuti fodya agulitsidwe. Kwa Akatolika, maulendo a bishopu odzapereka ulimbitso nthawi zambiri amagwa m'miyezi yomwe misewu yauma, ndipo miphakati yomwe Bishopu Patrick Kalilombe adailimbikitsa mu dayosizi ya Lilongwe m'zaka za m'ma 1970 idakhala magulu osonkha ufa ndi nkhuni pamaliro monga momwe mbumba inkachitira kale. Ngakhale bona sadafe. Banja lachikhristu lomwe silingaitane gule limamanga chiliza, n'kuitana abale onse kudzachivundukula, abusa akupemphera, thobwa ali m'migolo. Mwezi wake ndi womwewo, Ogasiti kapena Seputembala, ndipo cholinga chake n'chomwecho.

Chikondwerero chimodzi chokha ndicho chidakana kusuntha: Khirisimasi. Imagwa pakati pa kupalira, ndalama za fodya zitatha, feteleza akufunika. Komabe anthu adailandira, ndipo adaipanga kukhala tsiku la mpunga, nkhuku, tiyi wamkaka ndi malaya atsopano a ana, achinyamata n'kukhamukira pa Nsaru kukaonetsa zovala. Ndi chikondwerero cha m'thumba, osati cha m'nkhokwe, n'chifukwa chake chimatha tsiku limodzi. Pa 26 Disembala anthu ali kale m'mizere.

Mizere imeneyi nayo ili ndi mbiri. Makolo ankalima pa matutu. Alangizi a atsamunda ndiwo adakakamiza mizere yopingasa, makamaka itadutsa njala ya 1949, ndipo anthu ankalipitsidwa kapena kumangidwa chifukwa cha malamulo a malimidwe. Mkwiyo wa malimidwe ndi umodzi mwa mitsinje yomwe idadzaza chipani cha Congress m'midzi ya m'chigawo chapakati. Ufulu utabwera mu 1964, mizere idatsala, ndipo boma latsopano lidafika ndi masiku akeake. Pa 3 Malichi kunali zii, osalima, osaimba wailesi ya nyimbo zachisangalalo. Pa 6 Julayi magulu a magule ankatengedwa pa malole kukavina pamaso pa Dr. Hastings Kamuzu Banda. Kunali sabata ya achinyamata yokonza misewu ndi milatho, kunali maulendo a Kamuzu oyendera mbewu m'minda, ndipo pachipata cha msika pankaima anyamata a chipani ofunsa khadi. Kamuzu, Mchewa wa ku Kasungu, adatulutsa gule wamkulu kumka naye pa misonkhano ya boma. Ena amati adamulemekeza. Ena amati adamuchotsa ulemu pomuvinitsa masana m'mabwalo a mpira, popanda maliro kapena chinamwali. Ine ndimaona zonse ziwiri: gule adapeza chitetezo chomwe sadakhale nacho pa nthawi ya amishoni, koma adaphunziranso kuvinira andale, ndipo chizolowezi chimenecho sichidathe.

Mu 1968 kudayamba chitukuko cha Lilongwe Land Development Programme ndi ndalama za World Bank, ndipo kumadzulo kwa Lilongwe ndiko kudali pakati pake. Chidalambula misewu yam'midzi, kukumba mijigo, kumanga misika ndi nyumba za alangizi, ndi kubwereketsa feteleza ndi mbewu. Kudabweranso kalembera wa malo a mabanja, uja anthu amamutcha ndunda, motsatira malamulo a malo a 1967. ADMARC italowa m'malo mwa Farmers Marketing Board mu 1971, tsiku lotsegulira msika wake lidakhala limodzi mwa masiku akuluakulu a chaka, ngolo zitandandalika kudikira sikelo. Likulu la dziko litasamukira ku Lilongwe mu 1975, ndipo okushoni ya fodya itatsegulidwa ku Kanengo, tauni idayandikira. Komabe mlimi wamng'ono sankaloledwa kulima fodya wa bale, yemwe anali wa eni maesiteti okha, ndipo wake wa chikopa ankagulitsa ku ADMARC pamtengo womwe boma lakonda. Chiletsocho chidayamba kumasuka mu 1990, ndipo zaka zotsatira zigafa za bale zidamera paliponse.

Amene adakhalapo m'zaka za m'ma 1990 amakumbukira momwe malo ngati Nsaru ankawirira fodya akagulitsidwa: njinga zatsopano, malata, mawailesi, mabala osatseka, ndi amuna ena osowa pakhomo mpaka ndalama zitatha. Amakumbukiranso kuti zaka zomwezo maliro adachuluka chifukwa cha Edzi mpaka midzi idayamba kufupikitsa masiku a maliro, poti anthu sakadatha kugona pasiwa sabata iliyonse. Ndipo amakumbukira 2002. Chaka chimenecho njala idafika poti anthu ankadya gaga ndi mizu, kugulitsa mbuzi ndi ziwiya pamtengo wa mbale ya chimanga, ndipo wogwidwa akuba dowe ankachitidwa nkhanza zomwe mudzi umachita nazo manyazi mpaka lero. Chilimwe chotsatira njala chimakhala chachete. Ziliza zimadikira, maukwati amaimitsidwa, ng'oma zimalira mwa apo ndi apo. Amene amati miyambo yathu imayenda yokha, osadalira m'mimba, akafunse akuluakulu za chaka chimenecho.

Lero chaka cha ku Nsaru chili ndi zatsopano zambiri. Soya ndi mtedza, kuphatikizapo mtundu wa CG7 womwe udachokera ku kafukufuku wa ku Chitedze, zikupikisana ndi fodya. Mavenda amafika ndi masikelo awo mu Epulo, mbewu zisanaume n'komwe. Tsiku la msika limadzaza ndi kaunjika, akabaza a njinga zamoto ndi zokuzira mawu zotsatsa malonda. M'chilimwe muli mipikisano ya mpira yomwe andale amaikapo zikho, ndipo mu Disembala magulu a banki m'khonde amagawana ndalama zawo amayi atavala nsalu zofanana. Kuyambira 2005 nkhani ya makuponi a feteleza, yomwe mu 2020 idasanduka AIP, yakhala mwambo wapachaka pawokha: kulemba maina, kudikira, kugona pamzere. Gule wamkulu adalengezedwa ndi UNESCO mu 2005 kukhala chimodzi mwa chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse lapansi, ndipo kumapeto kwa Ogasiti mafumu ndi anthu awo amakwera magalimoto kudutsa Namitete ndi Mchinji kupita ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, kukachita Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Mafumu ambiri adakhazikitsanso malamulo akuti dambwe ndi chinamwali zisamachitike sukulu zili m'kati, ndipo pamenepa ndikuwayamikira kwathunthu. Mwambo womwe umachotsa mwana m'kalasi, kapena gule wothamangitsa ana panjira ya kusukulu, akudzipezera yekha adani omwe sakadakhala nawo.

Pali mawu omwe ndimawamva kawirikawiri kwa alangizi ndi anthu a mabungwe, akuti anthu akumudzi amaononga chakudya pa miyambo, n'kudzalira njala mu Febuluwale. Muli choona m'mawuwa. Pali mabanja omwe amapikisana pa kukula kwa chiliza ana alibe fizi, ndipo pali maukwati omwe amasiya ngongole yoposa zokolola za chaka. Koma kuwerengera matumba omwe aphikidwa pa bona n'kuimira pomwepo ndi kuwerenga kosamaliza. Anthu omwe adadya nsima pa bona ndi omwewo adzanyamule wodwala usiku kupita naye kuchipatala cha Kabudula kapena ku St Gabriel's ku Namitete. Ndi omwewo adzakumbe manda, adzabwereke ngolo, adzaweruze mlandu wa malire a munda usanafike kupolisi. M'dera lomwe inshuwalansi sidziwika ndipo penshoni ndi ya owerengeka, chitetezo cha munthu ndi anthu omwe adadya kwake.

Chomwe chikuopseza moyo umenewu si mpingo, si sukulu, si foni. Ndi nkhokwe yomwe ikutha. Yendani m'midzi ya kwa Kabudula, kwa Kalolo kapena kwa Khongoni muwerenge nkhokwe zomwe zaima pabwalo. Zachepa. Chimanga chimatongoledwa n'kulowa m'matumba, matumba n'kulowa kuchipinda kuopa akuba ndi anankafumbwe, ndipo thumba silivuta kugulitsa monga momwe chimanga cha m'nkhokwe chinkavutira. Kale aliyense ankaona ndi maso kuti banja lakuti lakolola, banja lakuti lagwa nayo, ndipo mwinimbumba ankadziwa koyambira kuthandiza. Lero njala ndi chuma zonse zimabisika kuseri kwa chitseko. Minda nayo yachepa pogawanagawana, nthaka yafika posabereka popanda feteleza, ndipo mvula, monga tidaonera mu 2016 ndi mu 2024, ikhoza kudula pamene chimanga chikumasula. Dima adalowedwa m'malo ndi ganyu. Kusiyana kwake n'kwakukulu: pa dima wolemera ndi wosauka ankalima mzere umodzi n'kumwera chipanda chimodzi, pamene pa ganyu wosauka amasiya munda wake uli ndi udzu kukalimira wina, ndipo chaka chamawa amakolola zochepa kuposa chaka chino.

Choncho amene akufuna kuti gule, chimtali, mganda ndi chisamba zipitirire m'dera lino asayambire pa kugula nsalu zofanana kapena kuitana ojambula. Ayambire kumunda ndi kumsika. Mlimi amene wagulitsa chimanga chake mu Meyi pamtengo wolira, n'kudzachigulanso mu Januwale pamtengo wokwera kawiri kapena katatu, sangafulule mowa wa bona, sangalandire gulu la mganda la mudzi wina, ndipo sangapatse mlongo wake wamasiye dengu la ufa. Mafumu athu, inu eni mizinda, mphamvu zomwe mumaitanira anthu kubwalo muzigwiritsenso ntchito poteteza madambo ndi mitengo ya kumanda, poletsa masikelo obera pamisika yanu, ndi polimbikitsa nkhokwe za mudzi zomwe zingasunge chimanga mpaka miyezi yowawa. Ndipo inu ana a ku Nsaru omwe muli ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Johannesburg, musamangotumiza ndalama za simenti ya chiliza mu Ogasiti. Tumizaninso za mbewu ndi feteleza mu Okutobala.